Chidulo m'Labotale: Aphunzitsi a Sayansi Akabwerera pa Mpando wa Wophunzira

Ana asukulu atabalalika kupita kwa makolo awo kukapuma, udzu utayamba kumera pa bwalo la mpira, nayenso belu wodzutsa anthu m'bandakucha atakhala duu pa mtengo wake, ndidafika pa sukulu ina ya sekondale m'boma la Zomba ndi kupeza kuti zipinda zonse n'zokhoma, koma m'labotale mokha ndimo munkamveka phokoso.

Silinali phokoso la ana ayi.

Anali amuna ndi akazi aulemu wawo, ena a imvi, ena oyamba kumene ntchito, atakhala pa timipando titalititali timene masiku onse pamakhala ophunzira. Pa thebulo la gulu lililonse panali mabotolo apulasitiki odulidwa pakati, mandimu, phulusa la zitsononkho za chimanga, ndi kapu ya madzi ofiira amene adawatcheza pophika chidede.

Mayi wina, amene anzake ankangomutchula kuti Madamu monga achitira ana a m'kalasi mwake, adaboola chitsekero cha botolo, naikamo kansanza, nathira phulusa ndi madzi, ndipo chidulo chidayamba kudontha monga chimadonthera kukhitchini kwa agogo athu tsiku lophika therere. Atatapa pang'ono n'kudonthezera m'madzi a chidede aja, kufiira konse kudathawa, madzi nasanduka obiriwira. Bambo amene adakhala pambali pake adafinyiramo ndimu, ndipo taonani, kufiira kudabwerera.

M'chipindamo mudamveka mfuu.

Amene adafuulawo ndi anthu oti akhala akulemba pa bolodi, chaka ndi chaka, kuti asidi ndi alikali zikakumana zimathetsana mphamvu. Mawuwo amawadziwa pamtima monga Mkhristu adziwira pemphero la m'mawa. Koma pakati pawo panali ena amene adaulula, mosachita manyazi, kuti chinthu chimene akhala akuchiphunzitsacho adachiona ndi maso tsiku lomwelo.

Umenewu ndiwo msonkhano wosula aphunzitsi a sayansi ndi masamu, umene ambiri mwa iwo amangoutchula ndi dzina lakuti SMASSE. Ndidapitako chifukwa nthawi iliyonse bungwe la MANEB likatulutsa zotsatira za mayeso a MSCE, makolo amafunsa funso limodzimodzi pa wailesi, m'minibasi ndi pa maliro pomwe: kodi ana athu alakwanji kuti sayansi iziwakanika chotere? Ndidafuna kuona ngati yankho lake, kapena chidutswa chabe cha yankholo, chingapezeke kumene aphunzitsi amasonkhana okhaokha.

Kuti timvetse chimene chidabala misonkhano imeneyi, tiyenera kubwerera ku chaka cha 1994, pamene boma latsopano la matipate ambiri lidathetsa fizi ku pulayimale. Ana oposa miliyoni imodzi, amene umphawi udawatsekera kunja, adakhamukira ku sukulu m'chaka chimodzi chokha, ndipo chinali chinthu chokoma ndithu. Komatu walira mvula walira matope, pakuti khamu lomwelo, litakwera makalasi, lidafika pa khomo la sekondale ndi kupeza kuti malo ndi ochepa.

Chotero chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, malo amene kale ankaphunzitsirako ana pansi pa koleji ya maphunziro a patali ya MCDE adasandutsidwa sukulu za sekondale zoyendera, zimene lero timazitcha ma CDSS. Dzina lidasintha msanga. Nyumba zophunziriramo, mabuku ndi zipangizo zidatsalira m'mbuyo.

Nanga aphunzitsi akadachokera kuti?

Ambiri adatengedwa ku pulayimale. Munthu amene adasulidwa kuti aziphunzitsa Sitandade 6 adapezeka ataima pamaso pa Fomu 3, choko chili m'manja, akuyembekezeka kulongosola za magetsi, za maatomu ndi za kayendedwe ka magazi m'thupi, pa sukulu yopanda labotale, nthawi zina yopanda ngakhale mpopi wa madzi. Iwowa sitingawadzudzule, pakuti adavomera kusenza mtolo umene wina aliyense sadaufune, ndipo popanda iwo midzi yambiri sikadaona sekondale n'komwe. Koleji ya Domasi, imene idayamba kusula aphunzitsi a sekondale mu 1993, idayesetsa kukweza ambiri mwa iwo powaphunzitsa ali pa ntchito pomwepo kufikira atalandira dipuloma, koma zokolola zinali zochuluka ndipo okolola anali owerengeka.

Mphunzitsi amene sakhulupirira nzeru zake ali ndi pothawira pamodzi, ndipo pothawirapo ndi manotsi. Amalemba pa bolodi, ana nakopera, naloweza, nabweza pa mayeso. Mwana akafunsa kuti n'chifukwa chiyani, amauzidwa kuti zimenezo sizili mu silabasi. Umo ndi mmene sayansi, imene mwa chibadwa chake ndi nzeru ya kufunsa ndi kuyesa, idasandukira katekisimu m'masukulu athu ambiri.

Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku Kenya, kumene vuto lake linali lofanana ndi lathu, boma la kumeneko mothandizana ndi bungwe la ku Japan la JICA lidayambitsa mu 1998 ntchito yolimbikitsa masamu ndi sayansi m'sukulu za sekondale, ndipo dzina lakuti SMASSE ndi chidule cha mawu a Chingerezi onena zomwezo. Ntchitoyo itaoneka kuti ikubala zipatso, maiko ena a mu Africa adayamba kutumiza anthu awo ku Nairobi kukaona ndi kukaphunzira, ndipo Amalawi anali m'gulu lomwelo.

Kuno kwathu idayamba mu 2004, moyeserera, m'chigawo cha maphunziro cha kummwera chakum'mawa, chimene chimaphatikiza maboma a Zomba, Machinga, Balaka ndi Mangochi, likulu la ntchitoyo lili ku Domasi. Kuchokera mu 2008 idafalikira m'zigawo zonse zisanu ndi chimodzi za maphunziro, ndipo gawo lachitatu la mgwirizano ndi a ku Japan lidayenda kuchokera mu 2013 kufikira 2017.

Pano ndipatuke pang'ono, pakuti Domasi ali ndi mbiri imene achinyamata ambiri saidziwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, dziko lino likadali Nyasaland, pa Domasi pomwepo padatsegulidwa sukulu ya Jeanes, imene inkalandira aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, kuwasula, ndi kuwatumiza kuti aziyendera sukulu za m'midzi ndi kuthandiza aphunzitsi anzawo pa ntchito. Nzeru yakuti mphunzitsi samaliza kuphunzira tsiku limene walandira setifiketi si yachilendo pa nthaka imeneyi. Idangogona tulo, alendo nabwera kudzaidzutsa.

Chiphunzitso cha misonkhanoyi n'chachifupi, ndipo aphunzitsi amachitchula ndi zilembo zakuti ASEI ndi PDSI monga ngati ndi mayina a abale awo. Tanthauzo lake m'chinenero chathu ndi ili: phunziro likhale ndi chochita, mwini wake wa chochitacho akhale wophunzira, chonenedwa chiyesedwe, ndipo chipangizo chikasowa mphunzitsi apange china ndi zimene zili pafupi. Kenaka mphunzitsiyo akonzekere, aphunzitse, ayang'ane mmene zayendera, nakonze polakwika asanabwererenso m'kalasi.

Pa pepala n'zosavuta. Pochita mpamene pali thukuta.

Madzulo a tsiku limene ndidafika, bambo wina wophunzitsa fizikisi adapatsidwa mphindi zowerengeka kuti aphunzitse anzake ngati kuti ndi ana a Fomu 1. Adanyamula miyala iwiri, wina waukulu ngati chibakera, wina ngati dzira la nkhunda, nafunsa kuti akaitaya pamodzi kuchokera pamwamba pa thebulo, udzayambe kufika pansi ndi uti. Asadaitaye adalamula kuti aliyense alembe yankho lake ndi chifukwa chake. Manja ambiri adalemba kuti waukulu. Miyala idagunda simenti nthawi imodzi.

Padakhala kachetechete, kenaka mkangano. Wina adati dzanja lamanzere lidafulumira kutaya. Adabwereza kachiwiri ndi kachitatu, wina atagwada pansi khutu lili tcheru. Kenaka mayi wina adatenga pepala, naligwetsa lili lotambasuka, nalikwinyanso ngati mpira n'kuligwetsa, ndipo nkhani ya mpweya umene umatchinga zinthu zopepuka idatuluka m'kamwa mwa ophunzira eni ake, mphunzitsi asadaitchule.

Chimene Galileo adachitsutsa zaka mazana anayi zapitazo chikadali m'mitu ya ana athu, ndi m'mitu ya akulu omwe, chifukwa maso a tsiku ndi tsiku amaona tsamba likugwa mochedwa kuposa mango. Mwana salowa m'kalasi ngati mtsuko wopanda madzi. Amabwera ndi nzeru zake za kumudzi: kuti chimanga chimadya dothi, kuti magetsi amathera mu babu, kuti mphezi ili ndi mwini wake amene amaituma. Mphunzitsi amene sayamba wamva zimenezi amafesa pa thanthwe, pakuti mwanayo adzalemba za m'buku pa mayeso, koma mumtima adzasunga zake zakale.

Phunziro litatha, bambo uja adakhala pansi, ndipo anzake adayamba kulisenda ngati chinangwa. Adamuyamikira kuti adapatsa anthu mpata wolemba maganizo awo, koma adamuuzanso kuti mafunso ake onse ankaloza kwa amuna a kutsogolo, ndi kuti atafunsa sankadikira, ankadziyankha yekha. Iye adamvetsera, nalemba m'kope, nathokoza.

Ichi ndicho chidandikhudza kuposa chidulo ndi miyala.

Pa chikhalidwe chathu, kudzudzula munthu wamkulu pamaso pa anzake si chinthu chapafupi, ndipo kwa zaka zambiri mlendo yekhayo amene ankalowa m'kalasi mwa mphunzitsi anali woyendera sukulu, amene kubwera kwake kunkaopedwa ngati tsiku la chiweruzo. Kuti mphunzitsi atsegule chitseko mwa kufuna kwake, naitana mnzake kuti, achimwene, bwerani mudzaone pamene ndikuphonya, pafunika kudzichepetsa kumene sikugulidwa ndi ndalama. A ku Japan akhala akuchita mwambo umenewu m'masukulu mwawo kwa zaka zoposa zana, ndipo anansi athu a ku Zambia adautengera m'masukulu awo kuyambira m'chigawo chapakati cha dziko lawo.

Tikumbukenso kuti pa ma CDSS ambiri mphunzitsi wa sayansi amakhala yekhayekha. Yemweyo ndiye wa bayoloje, yemweyo wa masamu, ndipo chisinthireni silabasi, pamene phunziro limene linkatchedwa Physical Science lidagawidwa pawiri kukhala fizikisi ndi kemisitiri, mtolo wake udalemera koposa. Akakodwa pa mutu wina alibe womufunsa, ndipo mutu wovutawo amaulumpha mwakachetechete, ana nadzakumana nawo m'chipinda cha mayeso. Pa msonkhano mpamene amazindikira kuti chimene chimamusowetsa tulo chimasowetsanso tulo mnzake wa ku Namwera ndi wa ku Ulongwe. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Ndidaona anthu akulemberana manambala a foni pa nthawi ya tiyi, ndipo ndidamva kuti magulu a WhatsApp obadwira pa misonkhano yotere amakhala amoyo chaka chonse, anthu akutumizirana mafunso ndi zithunzi za zipangizo zimene apanga.

Zipangizo zimenezo n'zoti munthu aime ndi kuziyang'ana. Botolo lodulidwa kunsi, baluni m'kati ndi pulasitiki womanga pansi pake, zimaonetsa mmene mapapo amakokera mpweya. Timakala ta m'kati mwa mabatire akutha a tochi timalowa m'malo mwa ndodo zodula zopititsira magetsi m'madzi. Jekeseni wopanda singano amayeza madzi ndiponso amaonetsa mmene mpweya umapanikizikira. Ndipo pofika pa mutu wa kulekanitsa zamadzimadzi pozitenthetsa, wina adakumbutsa anzake kuti amayi otcheza kachasu amadziwa kale ntchito yonse: mowa umasanduka nthunzi pa madigiri 78 pamene madzi amadikira 100, ndipo mpope wodutsa m'madzi ozizira umabweza nthunziyo kukhala madontho. Mwana amene adaona zimenezo kuseri kwa nyumba sadzaiwala chithunzi cha m'buku.

Sayansi sidabwere pa sitima. Idali kale m'khitchini, m'dimba ndi pa ng'anjo ya osula makasu; chimene sukulu imawonjezera ndi kuyeza, kulemba ndi kufunsa chifukwa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa cha njala ndi kusowa fizi, adamanga makina opukusa magetsi ndi mphepo pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakutha, atangoona zithunzi m'buku la mulaibulale. Ana a mtima wotere ali m'kalasi iliyonse, ndipo ambiri amazimirira chifukwa palibe adawaikira kanthu m'manja.

Komatu ndikadakhala mboni yonama ndikadati zonse zili bwino.

Choyamba, luso lopanga zipangizo lili ndi malire ake, ndipo aphunzitsi eni ake ndiwo adayamba kunena zimenezi. Chidede chidzakuuza kuti ichi ndi asidi, koma sichidzakuuza kuti mphamvu yake ndi yochuluka bwanji. Botolo la pulasitiki silipirira moto. Palibe chitini kapena galasi la m'nyumba limene lingaonetse mwana tizilombo ta malungo m'dontho la magazi. Pamenepo pafunika maikulosikopu basi. Mayeso a MSCE ali ndi gawo lochita ndi manja, ndipo zimachitika kuti mwana wa pa CDSS amagwira chipangizo chenicheni kwa nthawi yoyamba tsiku la mayeso lomwelo, chobwerekedwa ku sukulu ina, manja akunjenjemera, pamene mnzake wa ku sukulu yogonera wakhala akuchigwira kuyambira Fomu 1. Awiriwa amalemba pepala limodzi, napikisana pa malo amodzi ku yunivesite. Luso la mphunzitsi wosauka lisasanduke chophimba cha amene ali ndi udindo womanga malabotale.

Chachiwiri ndi kayendedwe ka chiphunzitsocho. Akatswiri ochepa a ku likulu amasula aphunzitsi osankhidwa a m'zigawo, ndipo iwowa ndiwo amakasula anzawo pa malo osonkhanira. Njirayi ndi yotsika mtengo ndipo imafika patali, koma makolo adatichenjeza kuti kandimverere adakanena za m'maluwa. Chimene chidachoka ku likulu chili chakuti mwana aganize, chimatha kufika kumudzi chitasanduka chakuti ana akhale m'magulu. Tsono umapeza ana asanu ndi atatu atazungulira desiki limodzi, mmodzi akulemba, ena akuyang'ana pawindo, mphunzitsi nakhulupirira kuti wakwaniritsa lamulo.

Ndiye pali nkhani ya alawansi, imene sitingailambalale. Ena amanyoza aphunzitsi kuti amapita ku misonkhano kutsata ndalama. Ine sindiima nawo onyozawo. Munthu amene wasiya munda wake pa tchuthi, nakwera kabaza ndi minibasi ndi ndalama ya m'thumba mwake, nagona pa matiresi a ana asukulu m'hositelo, pamene akudziwa kuti anzake a m'maofesi ena akapita ku msonkhano amagona ku nyanja, ali ndi chifukwa chofunsira kuti ulemu wake uli pati. Wantchito ayenera kulandira zomuyenera pa nthawi yake. Koma ndinenenso kwa aphunzitsi, mwaulemu wonse, kuti tsiku lililonse limene limathera pa kukangana za ndalama limabedwa kwa mwana amene sadalakwe kanthu.

Vuto lalikulu koposa onsewa limayamba Lolemba loyamba la teremu.

Mphunzitsi wabwerera ku sukulu yake mtima uli moto. Apeza kalasi ya ana ochuluka moti kudutsa pakati pa madesiki n'kosatheka, piriyodi ya mphindi 40, silabasi yaitali, ndi mphunzitsi wamkulu amene maso ake ali pa kumaliza mitu mayeso asanafike. Kuti akonze phunziro limodzi la chidede afunika madzulo athunthu, ndipo mandimu agula yekha. Sabata yoyamba ayesa. Yachiwiri ayesa pang'ono. Pofika mwezi wachiwiri choko chabwerera pa mpando wake wachifumu, ndipo kope la ku msonkhano lagona m'kabati kudikira tchuthi china.

Apa mpamene ndaima ine: msonkhano wa pa tchuthi ndi nazale chabe, munda weniweni ndi sukulu. Mbande ikachoka pa nazale n'kukaikidwa pa nthaka yosathiriridwa, tisadzanene kuti mbewu yake inali yoipa. Kumene zinthu zasinthadi, monga adandifotokozera aphunzitsi angapo, ndi kumene mphunzitsi wamkulu adapatula ola limodzi pa sabata kuti a sayansi ndi masamu akhale pansi pamodzi, napatulanso kandalama kochepa kogulira mabatire, mabaluni ndi viniga. Ndiponso kumene sukulu zoyandikana, zimene zili kale m'magulu a makilasitala, zimakumana pakati pa teremu, ya labotale nitsegulira chitseko zopanda labotale. Zimenezi sizifuna ndege yochokera ku Tokyo.

Ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. A ku Japan adagwira nafe ntchitoyi zaka zoposa khumi, natithandizanso kumanga koleji ya aphunzitsi a sekondale ya Nalikule ku Lilongwe. Dziko lidatsegula yunivesite ya sayansi ya MUST ku Thyolo mu 2014, ndipo atsogoleri athu onse amalankhula za mafakitale, za migodi ndi za ulimi wamakono. Koma dokotala, injiniya ndi katswiri wa za nthaka sayambira ku yunivesite. Amayambira pa Fomu 1, tsiku limene wina adamupatsa miyala iwiri namufunsa kuti ukuganiza bwanji, mwanawe. Ndalama yosulira munthu wofunsa funso limenelo iyenera kukhala ndi mzere wakewake mu bajeti ya dziko, chaka ndi chaka, osadikira kuti wachifundo wina atikumbukire.

Tsiku lotsiriza ndidaima pa chipata kuonerera akubalalika. Madamu uja adatsuka mabotolo ake odulidwa, nawamanga m'jumbo pamodzi ndi chidede chouma chimene chidatsala, nakwera pa kabaza chikwama chili pamiyendo. Adandiuza kuti sukulu yake ilibe labotale, ndipo kalasi yake ya Fomu 2 idzachitira phunzirolo pansi pa mtengo wa mango sabata yachiwiri ya teremu.

Tsono inu aphunzitsi aakulu, inu a makomiti a makolo, ndi inu amene mumagawa chuma cha unduna, mayi ameneyu akadzagogoda pa ofesi yanu kupempha ola limodzi pa sabata ndi ndalama ya mabatire anayi, chonde musadzamubweze chimanjamanja.